Munthu Wakhumi: Mmene Ophunzira Achiyuda Amasungira Ubale ndi Anthu Awo Akakhala ku Yunivesite

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

WOULUTSA MAWU:

Pulogalamu ya maphunziro ya lero, imene yakonzedwera omvera a m'maboma a Tsangano ndi Macanga m'chigawo cha Tete, pamodzi ndi anansi awo a ku Angónia ndi a kutsidya kwa malire ku Ntcheu ndi ku Dedza, ikufotokoza mmene achinyamata a mtundu wa Ayuda amasungira chipembedzo chawo ndi ubale ndi anthu awo pa nthawi imene achoka pakhomo pa makolo kukachita maphunziro a ukachenjede. M'maboma awiriwa mulibe sunagoge, imene ndi nyumba yosonkhanamo Ayuda popemphera ndi pophunzira, ndipo m'dziko lonse la Mozambique nyumba yotereyi ilipo imodzi yokha, ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Komabe nkhaniyi si yachilendo kwa kholo la ku Furancungo kapena la ku Ntengo-wa-Mbalame limene lagulitsa fodya kapena mbatata ya kachewere kuti mwana akalembetse ku UniZambeze, ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ku Universidade Eduardo Mondlane, pakuti nkhawa imene imagwira kholo lotere, yoti kodi mwanayo akakhalabe munthu wa kwawo, Ayuda akhala nayo kwa zaka mazana ambiri, ndipo anaikonzera njira zimene munthu aliyense angathe kuziona ndi kuziyeza.

Pamudzi munthu sachita kusankha kuti akhale wa anthu ake, chifukwa belu la tchalitchi limalira lokha, mfuu ya maliro imamufika ali m'munda, ng'oma za gule wamkulu zimamveka kuchokera kudambwe, ndipo akajomba ku msonkhano wa mphakati, agogo kapena amalume amadziwa dzuwa lisanalowe. Zonsezi zimatha tsiku limene wophunzira wakwera chapa kupita ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo, kumene amaphunzira m'Chipwitikizi, amagona mu lar, yomwe ndi nyumba yogona ophunzira, pamodzi ndi anzake a zilankhulo ndi zipembedzo zina, ndipo palibe amene amazindikira ngati wapita kopemphera kapena wagona mpaka masana. Wophunzira wachikhristu kapena wachisilamu amapezabe tchalitchi kapena mzikiti pafupi ndi sukulu yake. Wophunzira wachiyuda wa kuno ku Mozambique nthawi zambiri sapeza chilichonse cha izi, chifukwa anthu a mtundu wake ndi ochepa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake chitsanzo chake chimaonetsa poyera chimene chimamanga munthu kwa anzake pamene zizolowezi za pamudzi zamuthera.

Maziko a nkhaniyi ali m'chaka cha 70, pamene asilikali a Aroma anagwetsa kachisi wa ku Jerusalem, malo okhawo amene Ayuda ankaperekerako nsembe. Aphunzitsi a malamulo achiyuda, amene amatchedwa arabi, motsogozedwa ndi Yohanan ben Zakkai amene anakhazikitsa sukulu ku Yavne, anakonzanso chipembedzo chawo kuti chisadalire malo amodzi, ndipo m'malo mwa guwa la nsembe anaika zinthu zitatu zimene munthu angathe kuyenda nazo: pemphero la gulu, kuphunzira Tora, amene ndi mabuku asanu a Mose, ndi miyambo ya m'nyumba yokhudza zakudya ndi tsiku la Sabata. Chipembedzo chotere chimasamuka mosavuta, koma chili ndi lamulo limodzi limene limaletsa kuti chisanduke cha munthu mmodzi payekha.

Lamulo limeneli ndi la minyan, kutanthauza chiwerengero cha Ayuda aakulu khumi chimene chiyenera kukwana kuti mapemphero ena achitike. Kwa Ayuda osunga miyambo yakale mosasintha, amene amatchedwa a Orthodox, anthu khumiwo ayenera kukhala amuna amene akwanitsa zaka 13, pamene magulu a Conservative ndi a Reform amawerengeranso akazi. Popanda khumi amenewa, mpukutu wa Tora suwerengedwa pagulu monga zimayenera kukhalira Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, ndiponso Kaddish, pemphero lotamanda Mulungu limene mwana amanena kwa miyezi 11 kholo lake likamwalira, silinganenedwe. Tanthauzo lake ndi lakuti wophunzira amene wataya bambo ake ali pakati pa maphunziro sangakwaniritse udindo wa namfedwa atadzitsekera m'chipinda, koma ayenera kufunafuna anthu ena 9, ndipo anthu 9 amenewo, ngakhale atakhala madokotala, amalonda olemera kapena nkhalamba zodziwa malemba onse, sangayambe pemphero mpaka atafika mnyamata wa chaka choyamba amene mwina sadziwa n'komwe kuwerenga Chihebri bwinobwino. Lamuloli siliyang'ana nzeru, chuma kapena changu cha munthu pa za Mulungu. Limangowerenga amene abwera. Apa ndi pamene pagona mphamvu yake, pakuti wachinyamata amene akudziwa kuti akapanda kupita anzake abwerera kwawo osapemphera amakhala ndi chifukwa chodzukira m'mawa chimene ulaliki, ngakhale wokoma chotani, sungathe kumupatsa. Anthu ambiri amaganiza kuti wachinyamata amakhalabe pagulu chifukwa cha zimene gululo likumupatsa, koma zochitika m'magulu ang'onoang'ono achiyuda zikusonyeza kuti amakhalitsa kwambiri pamene gululo likumufuna iyeyo.

Mbiri ya sunagoge wa ku Maputo ikusonyeza mmene chiwerengero chimenechi chimavutira kukwana. M'chaka cha 1899, rabi Joseph Hertz, amene boma la Paul Kruger linamuthamangitsa ku Johannesburg pa chiyambi cha nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi, anaima kwa masiku ochepa mumzinda umene pa nthawiyo unkatchedwa Lourenço Marques, ndipo analimbikitsa Ayuda ochepa amene anawapeza kumeneko kuti apange gulu lodziwika, limene pambuyo pake linatchedwa Honen Dalim. Sunagoge anamangidwa mu 1926, ndipo pofika 1942 anthu othawa nkhanza za chipani cha Nazi ku Ulaya anachulukitsa gululi mpaka pafupifupi anthu 500, koma ambiri a iwo anali a paulendo ndipo anapitirira kumayiko ena nkhondo itatha. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1975, pafupifupi Ayuda onse otsala anachoka, boma linatenga nyumbayo monga linatengera nyumba zina za zipembedzo, ndipo inasanduka mosungira katundu. Inabwezedwa mu 1989, ndipo amene anatsogolera ntchito yoiitanitsa, Alkis Macropulos, anali wamalonda amene sanali Myuda. Itakonzedwanso bwino, inatsegulidwanso mwamwambo mu Meyi 2013. Gulu la lero ndi la anthu makumi ochepa, ambiri mwa iwo obwera kudzagwira ntchito m'mabungwe ndi m'maofesi a akazembe, lilibe rabi wokhazikika, ndipo pa zofunika zazikulu limadalira bungwe la African Jewish Congress la ku Johannesburg, limene rabi wake, Moshe Silberhaft, wakhala akuyendera timagulu totere m'mayiko a kuno kwa zaka zambiri. Pagulu lotere wophunzira mmodzi wobwera kudzachita kafukufuku ku Eduardo Mondlane sakhala mlendo wongoonerera, chifukwa kubwera kwake n'kumene kungakwanitse khumi.

(Nyimbo pang'ono)

Chinthu chachiwiri chimene chimagwira wophunzira wachiyuda ndi nthawi. Sabata imayamba Lachisanu dzuwa likamalowa ndipo imatha Loweruka nyenyezi zikaoneka, ndipo imatsegulidwa ndi kuyatsa makandulo, kudalitsa vinyo ndi kunyema buledi woluka wotchedwa challah pa chakudya cha madzulo chimene banja limadyera pamodzi ndi alendo. Buku la malamulo lotchedwa Mishnah limatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa tsikuli, ndipo pakati pake pali kulemba ndi kuyatsa moto, kotero kuti Myuda wosunga malamulo sagwira cholembera, sakwera galimoto, sayatsa magetsi ndipo sagwiritsa ntchito foni kapena kompyuta kwa maola pafupifupi 25. Lamuloli limagonja pamene moyo wa munthu uli pangozi, mfundo imene imatchedwa pikuach nefesh, ndipo ndi imene imamasula dokotala kuthandiza wodwala mwakayakaya pa Sabata. Koma mayeso si ngozi ya moyo, ndipo apa ndi pamene wophunzira amawombana ndi sukulu yake, makamaka amene amaphunzira madzulo ndi Loweruka chifukwa masana amagwira ntchito.

Kalendala yachiyuda imatsata mwezi wa kumwamba koma imawonjezera mwezi wina kasanu ndi kawiri pa zaka 19 zilizonse kuti isasiyane ndi nyengo za dzuwa, ndipo chifukwa cha ichi masiku opatulika kwambiri, omwe ndi Rosh Hashanah, chaka chatsopano, Yom Kippur, tsiku lopepesera machimo, ndi Sukkot, chikondwerero cha misasa, amagwa mu Sepitembala kapena Okutobala. Ku Ulaya ndi ku America nyengo imeneyi ndi chiyambi cha chaka cha maphunziro, pamene kujomba tsiku limodzi sikupweteka kwambiri, koma ku Mozambique ndi ku South Africa, kumene chaka cha sukulu chimayamba cha mu Febuluwale kapena Malichi ndi kutha cha kumapeto kwa chaka, masikuwa amafika pamene mayeso omaliza akuyandikira. Pa Yom Kippur munthu sadya ndiponso samwa madzi usiku ndi usana wonse, ndipo omvera amene anakhalapo mumzinda wa Tete m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, angathe kuyeza okha kulemera kwa lamulo limeneli. Ku South Africa, bungwe loimira Ayuda la South African Jewish Board of Deputies limakambirana ndi mayunivesite pamene mayeso aikidwa pa Sabata kapena pa tsiku lopatulika, kuti ophunzira okhudzidwawo alembe pa nthawi ina. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, m'ndime 54, amateteza ufulu wa chipembedzo, koma ndime ya malamulo siisintha ndandanda ya mayeso payokha. Wophunzira ayenera kupita yekha kwa mphunzitsi chaka chikangoyamba, masiku ali m'manja, osadikira sabata ya mayeso. Ana a mpingo wa Seventh-day Adventist a m'madera ano amadziwa bwino vuto lomweli.

Nkhani ya zakudya ndi imene imakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku kuposa zonse, ndipo ikhoza kumveka bwino ikayikidwa pa mbale za kuno. Malamulo a kashrut, amene maziko ake ali m'buku la Levitiko mutu 11, amalola nyama yobzikula imene ilinso ndi ziboda zogawanika, ndiponso nsomba zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Chakudya chololedwa chimatchedwa kosher. Potsata malamulowa, chambo ndi matemba n'zololedwa, pamene mlamba, umene ulibe mamba, ndi woletsedwa pamodzi ndi nkhumba, mbewa, ngumbi, ndi nkhanu ndi camarão zimene Beira ndi Maputo amatchuka nazo. Mbuzi, imene chigawo cha Tete chimanyadira, ili m'gulu la nyama zololedwa, koma siidyedwa pokhapokha itazingidwa ndi shochet, munthu wophunzitsidwa kuzinga ndi mpeni wakuthwa wopanda chipsera, kenaka n'kuthiridwa mchere kuti magazi atuluke. Nyama ndi mkaka sizidyedwera pamodzi ndipo siziphikidwa mumphika umodzi. Kumene kulibe shochet, wophunzira wosunga malamulo amangoleka nyama, n'kumadya nsima ya nyemba, ndiwo zamasamba, mazira ndi nsomba, zomwe kwa ophunzira ambiri ochokera ku Tsangano ndi ku Macanga ndi chakudya cha masiku onse chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Pa chikondwerero cha Paska, chimene chimakumbutsa kutuluka mu ukapolo ndipo chimagwa mu Malichi kapena Epulo, chakudya chilichonse chotupitsidwa chimachotsedwa m'nyumba, ndipo Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya, otchedwa Ashkenazi, mwa mwambo wawo amasalanso chimanga, nyemba ndi mpunga kwa masiku 8, kotero kuti nsima nayo imachoka pa mbale, ndipo mbatata ya kachewere yonga ya ku Tsangano ndi imene imatsala. Ayuda a Sephardi, amene makolo awo anachokera ku Spain, ku Portugal ndi kumpoto kwa Africa, ambiri sasala zimenezi.

Malamulo a zakudyawa amaoneka ngati mpanda wolekanitsa munthu ndi anzake, ndipo n'zoona kuti amavutitsa wophunzira amene waitanidwa ku phwando la anzake a m'kalasi. Koma mbali inayo ndi yakuti munthu amene sangadye paliponse amakakamizika kufunafuna khomo limene angadyepo, ndipo khomo limenelo ndi la anthu a mtundu wake. Mabungwe a ophunzira achiyuda anazindikira msanga kuti chakudya cha Lachisanu madzulo chimasonkhanitsa anthu ambiri kuposa mapemphero kapena maphunziro, kuphatikizapo amene sasunga lamulo lililonse la zakudya.

Bungwe lodziwika kwambiri mwa amenewa ndi Hillel, limene linayambika mu 1923 ku University of Illinois m'dziko la America, pansi pa rabi wachinyamata Benjamin Frankel. Mmodzi mwa amene analimbikitsa kuti bungweli likhalepo anali mphunzitsi wachikhristu wa payunivesitepo, Edward Chauncey Baldwin, amene ankadandaula poona kuti ophunzira ake achiyuda sankadziwa mabuku a makolo awo. Bungweli linatchedwa dzina la Hillel, mphunzitsi wa ku Jerusalem wa m'nthawi ya mfumu Herode, ndipo lero likupezeka m'masukulu a ukachenjede oposa 800. Chaka chotsatira, mu 1924, kunabadwa World Union of Jewish Students, imene pulezidenti wake woyamba anali Albert Einstein, pa nthawi imene mayunivesite ena a ku Ulaya ankaika malire pa chiwerengero cha Ayuda ololedwa kuphunzira. Gulu la Chabad limatsata njira ina: limatumiza rabi ndi mkazi wake kukakhala pafupi ndi yunivesite, ndipo nyumba yawo yokhalamo ndi imene imakhala malo odyera, opempherera ndi ophunzirira. Kuno kumwera kwa Africa ntchito yotereyi imagwiridwa ndi South African Union of Jewish Students, imene ili ndi nthambi ku Wits ku Johannesburg, ku University of Cape Town ndi m'masukulu ena, pakati pa Ayuda a m'dzikolo amene kafukufuku wa 2019 anapeza kuti ndi pafupifupi 52,000.

Kukhalapo kwa mabungwe olemerawa sikutanthauza kuti achinyamata onse amakhalabe m'chipembedzo. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa 2020 anapeza kuti mwa Ayuda a ku America a zaka za pakati pa 18 ndi 29, anthu 40 pa 100 alionse amadzitcha Ayuda koma amanena kuti alibe chipembedzo, pamene 17 pa 100 ndi a Orthodox, chiwerengero chachikulu kwambiri poyerekeza ndi 3 pa 100 a pakati pa okalamba a zaka 65 ndi kupitirira. Zikuoneka kuti njira ya pakati ndi imene ikuchepa, pamene mbali ziwiri zakumapeto zikukula. Ziwerengerozi zikukumbutsanso kuti Chiyuda ndi mtundu wa anthu komanso chipembedzo, ndipo munthu akhoza kusiya pemphero osasiya anthu ake. Mozambique imakumbukira awiri otere: Ruth First, amene ankatsogolera kafukufuku ku Centro de Estudos Africanos pa Universidade Eduardo Mondlane ndipo anaphedwa ndi bomba la m'kalata pa 17 Ogasiti 1982, ndi Albie Sachs, amene anaphunzitsapo malamulo payunivesite yomweyo ndipo anaduka mkono pa bomba la m'galimoto ku Maputo mu Epulo 1988. Onsewa anabadwira m'mabanja achiyuda a ku South Africa, sanali anthu a kusunagoge, ndipo gulu limene anadzipereka kwa ilo linali lolimbana ndi tsankho la apartheid.

Ndale nazo zimalowa pakati. Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza mu Okutobala 2023, ndiponso boma la South Africa litasumira dziko la Israel ku khoti la International Court of Justice mu Disembala chaka chomwecho, mayunivesite ambiri akhala malo a mikangano yoopsa, ndipo ophunzira achiyuda nawo sali pa mawu amodzi: ambiri amaima ndi Israel, ena amatsutsa poyera zochita za boma lake, ndipo ena amangobisa kuti ndi Ayuda poopa kufunsidwa mlandu wa boma limene sanalisankhe. Gulu la ophunzira limene limayamba kusefa anthu potengera maganizo awo pa ndale limataya chinthu chimene lamulo la anthu khumi linateteza, pakuti lamulo lija silifunsa munthu zimene akuganiza asanawerengedwe.

(Nyimbo pang'ono)

Kwa wophunzira amene ali kutali ndi gulu lililonse, chimene chimatsala ndi kuphunzira. Tora inagawidwa m'zigawo 54 zowerengedwa sabata ndi sabata mpaka chaka chithe, kotero kuti mwana amene ali ku Beira amadziwa kuti ndime imene akuwerenga ndi yomwe makolo ake akumva kusunagoge kwawo. Mu 1923 rabi Meir Shapiro wa ku Poland anayambitsa Daf Yomi, dongosolo lowerenga tsamba limodzi la Talmud tsiku lililonse, ndipo popeza Talmud, imene ndi mabuku a zokambirana za arabi akale pa malamulo, ili ndi masamba 2,711, ulendo wonse umatenga pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, anthu a m'mayiko onse ali pa tsamba limodzi tsiku limodzi. Mwambo wakale wotchedwa havruta umafuna kuti anthu aziphunzira awiriawiri, akuwerenga mokweza ndi kutsutsana, ndipo lero ambiri amachita zimenezi pa WhatsApp kapena pa Zoom, pogwiritsa ntchito mabuku aulere a pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Sefaria. Intaneti ili ndi malire ake komabe. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, arabi ambiri a Orthodox anagamula kuti anthu khumi oonana pa kompyuta sakwanitsa minyan chifukwa ayenera kukhala malo amodzi, ngakhale magulu ena analola, ndipo pa Sabata, tsiku lenileni limene munthu amasowa anzake, foni imakhala yozimitsa.

Pali anthu a mu Africa muno amene nkhani yawo ili pafupi kwambiri ndi ya mwana wa mlimi wa ku Macanga. A Lemba, amene amakhala ku Mberengwa ndi madera ena a kumwera kwa Zimbabwe ndiponso ku Limpopo m'dziko la South Africa, sadya nkhumba, amachita mdulidwe, amadya nyama yozingidwa mwa mwambo wawo, ndipo amanena kuti makolo awo anachokera ku malo otchedwa Sena. Akatswiri ena amaloza ku Sena wa ku Yemen, pamene ena amakumbutsa za tauni ya Sena ya m'mphepete mwa Zambezi, moyang'anana ndi Mutarara. Kafukufuku wa magazi anapeza kuti ena mwa makolo awo aamuna anachokeradi ku Middle East, ngakhale akatswiri amatsutsanabe ngati anali Ayuda, ndipo a Lemba ambiri lero ndi Akhristu kapena Asilamu. Amene anasankha Chiyuda anaona kuti miyambo imene inkasungika kumudzi inkatayika ana akapita kutauni kukaphunzira ndi kukagwira ntchito, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la Kulanu la ku America anatsegula sunagoge m'nyumba wamba mumzinda wa Harare, kumene amapemphera, kudya ndi kuphunzira Chihebri pamodzi.

Ku Uganda, Abayudaya a kufupi ndi Mbale, amene gulu lawo linayambika mu 1919 pansi pa Semei Kakungulu ndipo linazunzika mu ulamuliro wa Idi Amin, ndi alimi wamba amene kutumiza mwana ku yunivesite kumawalemera monga mmene kumalemerera mlimi wa fodya wa ku Chidzolomondo. Rabi Jeffrey Summit wa Hillel ya ku Tufts University anajambula nyimbo zawo zachipembedzo, chimbalecho chinatuluka mu 2003, ndipo ndalama zake zinapita ku thumba lolipirira ana a Abayudaya maphunziro a ukachenjede, chimene kuno chimatchedwa bolsa. Mtsogoleri wawo, Gershom Sizomu, anapita kukaphunzira za urabi ku Los Angeles, anadzozedwa mu 2008, anabwerera kwawo n'kutsegula sukulu yophunzitsa atsogoleri ena, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Uganda.

Kubwerera kotereku sikunachitike kwambiri m'magulu achiyuda a m'mayiko oyandikana ndi Tete. Ku Zimbabwe, kumene mpingo wa Bulawayo Hebrew Congregation unakhazikitsidwa mu 1894, Ayuda anafika pafupifupi 7,000 cha mu 1961, koma lero atsala mazana ochepa, ndipo masukulu amene anamangira ana awo, Carmel ku Bulawayo ndi Sharon ku Harare, tsopano amaphunzitsa makamaka ana a mitundu ina. Nkhondo ndi kugwa kwa chuma zinathamangitsa ambiri, koma njira ina imene gululo linathera inali yachete: ana ankapita kukaphunzira ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London kapena ku Israel, n'kupeza ntchito ndi mabanja komweko, ndipo pambuyo pake makolo ankawatsatira. Ambiri mwa anawo anakhalabe Ayuda okhulupirika, koma anakawerengedwa m'masunagoge a kwina, pamene kwawo khumi ankalephera kukwana. Ku Zambia, kumene Ayuda anapitirira 1,000 m'zaka za m'ma 1950 ndipo anatulutsa anthu monga Simon Zukas, womenyera ufulu wa dzikolo amene anakhalanso nduna ya boma, masunagoge a ku Copperbelt anatsekedwa chifukwa chosowa opempheramo. Bungwe la Council for Zambia Jewry linagulitsa nyumba zimene zinatsala zopanda anthu, ndipo mwa ndalamazo linathandiza kumanga sukulu ya madokotala ya Copperbelt University mumzinda wa Ndola, kumene lero kukuphunzira ana a Azambia a zipembedzo zonse.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera)